Amplifaya ikuzima bass ikagunda: kodi vuto ndi waya wa moto kapena earth?

Funso: Ndili ndi Toyota Corolla Fielder imene ndinaikitsamo amplifaya yolembedwa 2000 W pamodzi ndi sabufa ku buti. Ndikakweza voliyumu, nyali za galimoto zimaphethira bass ikamagunda, kenako amplifaya imayatsa kanyali kofiira n'kusiya kuimba. M'masipika mumamvekanso kaphokoso kolira ngati udzudzu, kamene kamakwera ndikaponda mafuta. Mnyamata amene anaiika anamangirira waya wa earth pa bawuti ya mpando wakumbuyo, ndipo fyuzi ya ku batire itapsa kachiwiri anaichotsa n'kulumikiza wayawo mwachindunji. Pa amplifayayo pali mafyuzi awiri a 25 A. Tsopano akuti ndigule capacitor. Kodi ndigule? Ndine wowerenga wanu wa ku Lunzu.

Yankho: Zikomo kwambiri, bambo, chifukwa mwafotokoza zonse mwatsatanetsatane, moti matenda a galimoto yanu akuoneka ngakhale ndisanatsegule boneti. Capacitor, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi kochepa, musagule kaye. Ndalama imeneyo ikufunika pa fyuzi, pa waya ndi pa kukonza earth, ndipo mwa zitatuzi choyambacho sichidikira mawa. Musanalizenso injini, masulani kaye mutu wa negativu wa batire, kenako muchotse waya wa amplifaya pa mutu wa pozitivu, mukulunge nsonga yake ndi tepi, mubwezere negativu, ndipo wayayo akhale choncho mpaka fyuzi itabwerera pamalo pake.

Anthu ambiri amaganiza kuti fyuzi ya ku batire imateteza amplifaya, choncho akaona kuti amplifaya ili kale ndi mafyuzi ake amati inayo ndi yongowonjezera. Si choncho ayi. Mafyuzi awiri a 25 A aja amateteza zam'kati mwa amplifaya, pamene fyuzi ya ku batire imateteza waya wautali mamita pafupifupi 5 amene wadutsa pansi pa kapeti, pafupi ndi mapazi a anthu amene mwawanyamula. Batire la galimoto, ngakhale laling'ono, limatha kutulutsa maampeya mazanamazana pa kanthawi kochepa, pakuti ndi mphamvu yomweyo imene imazunguza sitata. Chitsulo chonse cha bodi ndi negativu. Waya wa moto akangosupuka n'kukhudza chitsulo paliponse, mphamvu yonseyo imathamangira pamenepo, mkuwa umafiira, pulasitiki imayamba kuyaka, ndipo kuzimitsa kiyi sikuthandiza kanthu chifukwa wayayo sadzera ku kiyi.

Ndinalandirapo galimoto ina imene waya wake wa moto anapanikizidwa ndi chitsulo chopindira mpando wakumbuyo. Nthawi iliyonse imene mwini wake ankagwetsa mpandowo kuti anyamule matumba a chimanga, chitsulocho chinkadya pulasitiki pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina chinafika pa mkuwa. Fyuzi panalibe. Chimene chinapulumutsa galimotoyo n'chakuti m'thumba la chitseko munali sipanala ya 10, ndipo mwini wakeyo anathamangira kumasula batire utsi utangoyamba. Titanyamula kapeti tinapeza mzere wakuda wochokera kutsogolo mpaka ku mpando wakumbuyo, pulasitiki itasungunuka n'kumatirira pa chitsulo ngati phula, ndipo fungo lake linakhala m'galimotomo kwa miyezi.

Fyuzi imateteza gawo la waya limene lili kumbuyo kwake lokha. Kachidutswa ka pakati pa batire ndi fyuzi kalibe chokateteza, n'chifukwa chake kayenera kufupika. Malangizo a opanga maamplifaya ambiri amati fyuzi isatalikire batire kupitirira masentimita 45, koma ine ndimaiika pa masentimita 20 kapena kucheperapo malo akalola, ndipo chosungiramo fyuzicho ndimachimangirira kuti chisamagwedezeke. Mafyuzi omangidwa ndi mabawuti, a mtundu wa ANL kapena mini-ANL, ndi odalirika kuposa agalasi a mtundu wa AGU, amene timitu tawo timakhwefuka ndi kutentha ndiponso mabampu. Dziwaninso kuti fyuzi yopsa kawiri ija inali kukuuzani zinazake. Mwina inali yaing'ono kuposa moto umene amplifaya imakoka, mwina chosungiramo chake chinali chokhwefuka n'kumatenthetsa fyuziyo mpaka kuduka, kapena pali malo pamene waya wasupuka ndipo amachita shoti galimoto ikagunda bampu. Chachitatuchi n'choopsa, choncho wayawo mumutulutse yense ndi kumupapasa ndi zala kuyambira ku batire mpaka ku buti.

Kuti tidziwe kukula kwa waya ndi kwa fyuzi tiyenera kudziwa moto umene amplifaya imakokadi, ndipo nambala ya 2000 W yolembedwa pamwamba ija sitithandiza. Mawati amapezeka pochulukitsa mavoliti ndi maampeya. Injini ikamalira, alternator imasunga magetsi a galimoto pakati pa 13.8 ndi 14.4 V. Mafyuzi anu awiri akusonyeza kuti wopanga sayembekezera kuti amplifaya ikoke moto woposa 50 A kwa nthawi yaitali, ndipo 50 kuchulukitsa ndi 13.8 ndi 690 W. Amenewa ndi mawati olowa, osati otuluka, pakuti ena amasanduka kutentha. Amplifaya ya class D imapereka ku sipika pafupifupi magawo 8 mwa 10 a zimene yalandira, ndiye kuti cha m'ma 550 W, pamene ya class AB imapereka ongopitirira theka, cha m'ma 400 W kapena kucheperapo. Kuti ipereke 2000 W mosalekeza ikanafunika kukoka 145 A ngakhale popanda kutaya kalikonse, moto umene alternator ya magalimoto ang'onoang'ono ambiri singaufikire. Choncho nambala yogwirira ntchito ndi 50 A, ndipo pogula amplifaya ina mtsogolo muno muziyang'ana mawati a RMS, amene imapereka mosalekeza, ndi kukula kwa mafyuzi ake.

Mawaya a amplifaya amagulitsidwa pa muyezo wa geji, umene nambala ikamachepa waya amanenepa. Wa 8 geji ali ndi mkuwa wokwana pafupifupi 8.4 mm², wa 4 geji ali ndi 21 mm², ndipo wa 0 geji ali ndi 53 mm². Waya aliyense amaletsako moto pang'ono, ndipo kuletsako kumakula waya akatalika kapena akaonda. Pa mamita 5 ndi 50 A, waya wa mkuwa weniweni wa 8 geji amataya pafupifupi 0.5 V m'njira, pamene wa 4 geji amataya 0.2 V yokha. Onse awiri akhoza kugwira ntchito, koma pa galimoto yaitali ngati Fielder, imene batire lili kutsogolo ndipo amplifaya ili ku buti, ine ndingasankhe wa 4 geji ndi fyuzi ya 60 A. Mukatsalira pa 8 geji, fyuzi ikhale ya 50 A. Lamulo lake n'lakuti fyuzi isakule kuposa moto umene waya angapirire, chifukwa ikatero waya ndi amene amasanduka fyuzi.

Vuto lalikulu pamsika ndi lakuti mawaya ambiri otsika mtengo si a mkuwa. Ndi a aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa wochepa kwambiri kunja, amene pa paketi amalembedwa CCA ngati wogulitsa ali woona mtima, pamene a mkuwa weniweni amalembedwa OFC. Waya wa CCA amadutsitsa moto wokwana pafupifupi magawo awiri mwa atatu a umene mkuwa wa kukula komweko ungadutsitse, ndipo amafumbwa msanga pamene pafika chinyezi. Enanso amanenepetsa pulasitiki kuti waya aoneke wamkulu, m'kati muli timawaya tochepa. Kuti mudziwe, dulani nsonga ndi kupala kawaya kamodzi ndi mpeni. Kakayera m'kati, ndi aluminiyamu. Mkuwa wokutidwa ndi tini umakhala mosiyana, woyera kunja koma wofiirira m'kati, ndipo umenewo ndi wabwino kwambiri. Kulemera nakonso kumaulula, chifukwa mpukutu wa CCA umapepuka m'manja. Mukasowa waya wa mkuwa m'masitolo a zamawailesi, waya wa makina owotcherera zitsulo wa 16 kapena 25 mm² amagwira bwino ntchitoyi, bola akhale wa mkuwa ndipo atalikirane ndi zinthu zotentha za pa injini. Waya wouma wa magetsi a m'nyumba ndiye ayi, chifukwa amathyoka ndi kugwedezeka kwa galimoto.

Tsopano tifike pa earth, pamene ndikuganiza kuti pagona gawo lalikulu la mavuto anu. Moto umene wachoka ku batire kupita ku amplifaya uyenera kubwerera ku batire wonse, osatsalako, ndipo njira yake yobwerera ndi waya wa earth, kenako chitsulo cha bodi, kenako waya wamfupi wolumikiza bodi ku mutu wa negativu. Ngati 50 A yapita, 50 A ikubwerera. N'chifukwa chake waya wa earth ayenera kukhala wofanana kukula ndi wa moto, ndipo kuika waya wonenepa wa moto n'kumalizira ndi kawaya koonda ka earth n'chimodzimodzi kusaika waya wonenepayo. Akhale wamfupi, wosapitirira theka la mita ngati n'kotheka, chifukwa chitsulo cha bodi ndi njira yotakata kuposa waya aliyense amene mungagule.

Bawuti ya mpando imakopa anthu chifukwa ndi yaikulu ndipo ili pafupi, koma ndi malo oipa. Chitsulo cha mpando n'chopakidwa penti, pansi pamene chakhala pali penti, ndipo mazinga a bawutiyo nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala oletsa kumasuka, kapena dzimbiri galimoto ikakalamba. Moto umangodutsa pa timalo tochepa pamene chitsulo chakhudzana ndi chinzake. Tiyerekeze kuti malo amenewo akuletsa moto ndi 0.05 ohm yokha. Nyimbo ikamaimba motsika amplifaya imakoka mwina 5 A, ndipo zotayika ndi 0.25 V, zimene simungazizindikire. Bass ikagunda n'kukoka 50 A, zotayika zimafika 2.5 V, ndipo pa bawuti pomwepo pamatuluka kutentha kwa 125 W. Mukaphatikiza ndi zimene zikutayika pa waya woonda wa moto ndi kutsika kwa batire lenilenilo, amplifaya imalandira mavoliti ochepa kwambiri pa nthawi yomwe ikufuna ambiri, ndipo maamplifaya ambiri amadzizimitsa magetsi akatsika kufika cha m'ma 10 V. Kanyali kofiira kaja n'kutheka kuti kakunena zimenezi. Pali chifukwa chinanso chosiyira mabawuti a mipando ndi a malamba: anamangidwa pa muyezo wake kuti agwire munthu pa ngozi, ndipo kulowetsapo chinthu china kumasokoneza kagwiridwe kake.

Earth yabwino imapangidwa motere. Pezani malo a chitsulo chochindikala cha pansi pa buti kapena cha m'mbali mwake, chimene ndi gawo la bodi lenilenilo, osati kachitsulo kongomangirirapo kapena chitseko cha buti. Ngati pali bawuti ya fakitale imene mawaya ena a earth amangidwapo kale, ndi poyambira pabwino. Ngati mukuboola, yang'anani kaye kunsi kwa galimoto, chifukwa pa magalimoto ambiri a mtundu wanu thanki ya mafuta ili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo mapaipi a mafuta ndi a mabuleki amadutsa pansi pa bodi. Pa Honda Fit thanki ili pansi pa mipando yakutsogolo, choncho musangotengera zimene munaona pa galimoto ina. Palani penti ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, malo aakulu pang'ono kuposa ndalama yachitsulo, ndipo musalekere pa utoto wotuwa wapansi umene ambiri amauyesa chitsulo. Nsonga ya waya ilowe mu lagi ya mkuwa, kachitsulo kokhala ndi chibowo kaja, n'kufinyidwa mwamphamvu moti mukakoka ndi dzanja isasololoke. Lagi igone pa chitsulo chowalacho popanda china pakati, imangidwe ndi bawuti, washala ndi nati, osati sikuluwu yodzibowolera yokha imene imakhwefuka pakapita miyezi. Mukamaliza, pakani penti kapena girisi pamwamba kuti dzimbiri lisalowe nyengo ya mvula. Ngati maamplifaya ali awiri, onse atengere earth pamalo amodzi.

Kaphokoso ka udzudzu kaja nakonso kakuloza ku earth. Alternator imapanga moto wosinthasintha umene umawongoledwa ndi madayodi, koma timafunde tina timatsalira, ndipo timachuluka injini ikathamanga. Wailesi ili ndi earth yake ku dashibodi, amplifaya ili ndi yake ku buti, ndipo ziwirizi zalumikizidwanso ndi mawaya a RCA onyamula nyimbo. Earth ya amplifaya ikakhala yofooka, mbali ziwirizi zimasiyana mavoliti pang'ono, moto wina umayamba kubwerera kudzera m'chikuto cha RCA, ndipo amplifaya imakuza timafunde tija pamodzi ndi nyimbo. Zikapitirira, kanjira ka earth ka m'kati mwa wailesi kamatha kupsa, ndipo zikatero phokoso silichoka ngakhale mutakonza ku buti, mpaka wailesiyo itatsegulidwa. Pachifukwa chomwechi, musachotse kapena kulumikiza RCA amplifaya ili yoyaka. Mawaya a RCA adutse mbali ina ya galimoto ndipo wa moto adutse mbali inayo, ndipo akakumana adutsane mopingasa m'malo moyendera limodzi.

Podutsitsa waya wa moto kuchokera ku injini kulowa mokhala anthu, gwiritsani ntchito kalabala kamene mawaya a fakitale adzera, kapena ikani kalabala katsopano pa chibowo chimene mwaboola. Waya asakhudze m'mphepete mwa chitsulo, asayandikire ekizozi, ndipo asalendewere pafupi ndi mapedulo kapena ndodo ya chiwongolero. Mawaya achikasu a ma airbag musawakhudze. Kawaya koyatsira amplifaya, kolowa pamene palembedwa REM, kachokere ku waya wabuluu wa mzere woyera wa wailesi. Wabuluu wopanda mzere pa mawailesi ambiri ndi wa eriyo, ndipo amazima mukachoka pa FM. Ena amangolumpha kuchokera pa 12 V ya amplifaya kupita pa REM, ndipo zotsatira zake amplifaya sizima usiku wonse, m'mawa batire latha moto.

Pogwira ntchito yonseyi yambani ndi kumasula mutu wa negativu wa batire, ndipo ndi umene mudzamalizire kumanga. Chifukwa chake n'chakuti sipanala ikakhudza bodi muli pa negativu palibe chimene chimachitika, pamene ikakhudza bodi muli pa pozitivu, negativu isanachotsedwe, imathetheka n'kukuwotchani. Chenjezo limodzi kwa amene akadali ndi wailesi yobwera ndi galimoto kuchokera ku Japan: ena mwa mawailesi amenewa amafuna khadi la mapu kapena nambala yachinsinsi batire likachotsedwa, choncho tsimikizani kuti muli nazo musanamasule. Ku amplifaya mangani earth poyamba, kenako waya wa moto ndi REM, mukuonetsetsa kuti palibe kawaya kotumphuka kokhudza mnzake. Fyuzi ilowe pomaliza.

Mukamaliza musakhulupirire kulira kwa multimeter, mita yoyezera magetsi, poyesa ngati njira ya moto ilipo, chifukwa imalira ngakhale pa earth yoipa kwambiri. Earth imayesedwa moto ukuyenda. Ikani multimeter pa 20 V DC, lizani injini, yatsani nyali, ndipo imbitsani nyimbo ya bass pa voliyumu imene inkazimitsa amplifaya. Yezani pa mitu ya batire, kenako pa malo a amplifaya olembedwa 12 V ndi GND, polowera waya wa moto ndi wa earth. Kusiyana kwake kusapitirire pafupifupi 0.5 V. Kukapitirira, talikitsani chingwe chimodzi cha multimeter ndi kawaya kalikonse mpaka ku negativu ya batire, chinacho muike pa GND ya amplifaya. Zimene muone ndi mavoliti otayika pa njira ya earth yokha, ndipo asapose 0.2 V. Chitaninso chimodzimodzi pakati pa pozitivu ya batire ndi 12 V ya amplifaya kuti muone zotayika pa waya wa moto ndi pa fyuzi. Mukatha kuimbitsa kwa mphindi khumi, khudzani lagi ya earth ndi chosungiramo fyuzi. Pamene patentha ndi pamene pali vuto.

Ngati mavoliti akutsika pa batire penipenipo, mwachitsanzo kufika pansi pa 12.5 V injini ikulira, ndiye kuti vuto lili kutsogolo. Yesetsani batire, limene likadzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6 V injini itazima kwa maola angapo, ndipo onaninso lamba wa alternator. Kawirikawiri pamafunika kuwonjezera mawaya onenepa pamalo atatu: kuchokera ku negativu ya batire kupita ku bodi, kuchokera ku injini kupita ku bodi, ndi kuchokera ku alternator kupita ku pozitivu ya batire, womalizayu ali ndi fyuzi yake. Waya wa fakitale wa pakati pa negativu ndi bodi sanapangidwire 50 A yowonjezera, ndipo moto wonse wochokera ku buti umadzera pamenepo kapena pa waya wa ku injini. Ngati pa mutu wa negativu pali kachipangizo koyeza moto, monga zilili pa magalimoto ambiri atsopano, waya wowonjezerayo amangidwe ku mbali ya bodi ya kachipangizoko kuti asakalambalale. Eni a magalimoto a hybrid monga Toyota Aqua ndi Prius adziwe kuti mulibe alternator, moto wa 12 V umachokera ku chipangizo chotsitsa mavoliti a batire lalikulu, ndipo mawaya a mtundu wa lalanje ndi a magetsi oopsa osayenera kukhudzidwa.

Capacitor sipanga moto. Imasunga wochepa kwambiri n'kuutulutsa pa kanthawi kosakwana sekondi, kenako imakokanso womwewo kuchokera ku alternator kudzera pa waya ndi earth zomwe zija. Ikhoza kuchepetsa kuphethira kwa nyali pa galimoto imene mawaya ake ali bwino kale, koma pa amplifaya ya 50 A yolumikizidwa molondola nthawi zambiri sifunika n'komwe. Ngati miyezo yonse yatuluka bwino koma kanyali kofiira kakuyakabe, siyani za magetsi muone maohmu a sabufa, chifukwa amplifaya yopangidwira 2 ohm imadziteteza ikapatsidwa 1 ohm, ndipo ya njira ziwiri yolumikizidwa mwa bridge, kutanthauza kuti njira zonse ziwiri zikuimbitsa sipika imodzi, kawirikawiri imafuna 4 ohm. Onaninso gain, kotembenuza ka pa amplifaya koigwirizanitsa ndi mphamvu ya nyimbo yochokera ku wailesi, kamene anyamata ambiri amakakhotetsa mpaka kumapeto poganiza kuti ndi voliyumu, ndiponso ngati amplifayayo sinakwiriridwe ndi katundu ku buti moti mpweya sukuifikira.